Soto wawoloka mtsinje

Queens, New York
23 February 2025

Achimwene,

Ndikhulupirira nonse muli bwino kumeneko ku Blantyre, inu, alamu ndi ana. Ife kuno tili bwino, kupatula chisanu chimene chikukana kuchoka. Mundiuzeko za mvula, poti mayi akaimba foni amangoti ikugwa, osanena ngati ikugwa yothandiza kapena yoononga.

Uthenga wanu wa mawu uja ndinaumvera wonse pa WhatsApp, mpaka kumapeto kumene mawu anayamba kukwera. Ndasankha kuyankha polemba chifukwa ndimakudziwani: nkhani ikakhala ya baseball ndi timu yanu ya Yankees simupatsa mnzanu mpata woti amalize chiganizo. Funso lanu linali lakuti zatheka bwanji kuti Juan Soto, amene wawoloka mtsinje kuchoka ku Yankees ya ku Bronx kubwera ku Mets yathu ya kuno ku Queens, munthu amene mu 2024 anathera pa nambala 3 pa mavoti a MVP (mphoto ya wosewera wopambana onse mu ligi), apatsidwe madola 765 miliyoni, pomwe Aaron Judge wanu, amene anakokolola mavoti onse, kontrakiti yake ndi ya madola 360 miliyoni basi. Munatinso Soto ndi wadyera, ndipo ife a Mets tagula munthu wopanda chikondi. Zachikondizo tifikako, koma ndiyambe ndi mphoto, popeza ndi pamene munatsamira.

Pa za Judge sinditsutsa ngakhale pang'ono. Ma home run 58 (kumenya mpira mpaka kutuluka kunja kwa mpanda), ma RBI 144 (zigoli zimene timu inapeza chifukwa cha kumenya kwake), avareji ya .322 (kumenya bwino maulendo 322 pa 1,000 alionse), ndipo pa maulendo 100 alionse amene anaima ndi ndodo, pafupifupi 46 anafika pa base, malo amene womenya amathamangira kuti akapeze chigoli. Atolankhani 30 amene amavota mu American League, awiri pa timu iliyonse, onse anamuika pamwamba. Anatenganso Silver Slugger, mphoto ya womenya bwino pa malo amene amasewera, imene amavota ndi mamanejala ndi makochi, ndi Hank Aaron Award ya womenya bwino koposa mu ligi. Komabe ku babashopu kwathu kuja ku Corona, kumene inunso munkameta, kuli mnyamata wina amene mpaka lero akuti Bobby Witt Jr. wa Kansas City Royals anaberedwa masana dzuwa likuswa mtengo. Mfundo zake n'zomveka ndithu. Witt anamenya .332, kuposa wina aliyense m'maligi onse awiri, anamenya mipira 32 kunja kwa mpanda, anaba ma base 31 (kuthamangira ku base yotsatira mpira usanamenyedwe), ndipo zonsezo anazichita akusewera shortstop, malo ovuta a ogwira mpira, mpaka kutenga Gold Glove, mphoto ya wogwira mpira bwino. Kansas City inagonja masewero 106 mu 2023, koma mu 2024 inafika ku playoffs, masewero omaliza olimbirana chikho. Mnyamatayo amati, "Mukachotsa Judge, Yankees itsala ndi Soto. Mukachotsa Witt, Royals itsala ndi mayunifolomu." Ine ndinamuuza kuti Witt wake anangosankha chaka cholakwika chochitira zodabwitsa.

Koma muthokoze kuti atolankhani amaponya mavoti playoffs isanayambe. Akanati adikire inning (gawo la sewero) yachisanu ya sewero lachisanu la World Series, fainali ya chikho imene munasewera ndi Los Angeles Dodgers, muli patsogolo 5-0, mpira wosavuta wa m'mwamba ukugunda golovesi ya Judge n'kugwa pansi, woponya wanu Gerrit Cole ataima chilili osathamangira ku base yoyamba, kaya ena mwa 30 aja manja akanawanjenjemera. Sindikukumbutsani kuti ndikupwetekeni. Chabwino, pang'ono pokha.

Ku National League, ife tinatha mwezi wa August tikufuula "MVP" nthawi iliyonse Francisco Lindor wathu akaima kuti amenye pa bwalo lathu la Citi Field, ndipo sitinkanama. Ma home run 33, shortstop wodalirika, ndiye amene anatinyamula titayamba sizoni mokwawa. Tinalinso ndi mfundo ina imene tinkaiona ngati yosagonjetseka: munthu amene sagwira golovesi, amene ntchito yake ndi kumenya kokha n'kukakhala pansi, anali asanatengepo MVP m'mbiri yonse. Kenako kunabwera 19 September ku Miami. Shohei Ohtani wa Dodgers, amene ankangomenya osagwira golovesi, anaima kasanu ndi kamodzi, anamenya konse, ma home run atatu, ma RBI 10, kuba ma base awiri, n'kukhala munthu woyamba kufika pa ma home run 50 ndi ma base oba 50 m'sizoni imodzi. Anamaliza ndi ma home run 54 ndi ma base oba 59, chonsecho mkono woponyera uli wopangidwa opaleshoni. Ku babashopu tsiku lotsatira palibe anatchula za golovesi.

Mkangano umene ukundisangalatsa kwambiri, ndipo ndi umene ukuyankha theka la funso lanu, ndi wa Luis Arraez. Bambo wometa wamkulu uja, wa ku Dominican Republic, amamukonda Arraez ngati mwana wake ngakhale ndi wa ku Venezuela. Amati ndiye yekha wotsala amene amadziwa kumenya mpira, ena onsewa amangotseka maso n'kuzunguza ndodo. Ndipo taonani: avareji yapamwamba mu ligi zaka zitatu zotsatizana, ndi matimu atatu osiyana. Minnesota mu 2022 ndi .316, Miami mu 2023 ndi .354, San Diego mu 2024 ndi .314. Ndi iyeyo amene anamuletsa Ohtani kutenga Triple Crown, ulemu wa wotsogola pa ma home run, ma RBI ndi avareji pamodzi, poti Ohtani anatsogola pa ma home run ndi ma RBI koma avareji inathera pa .310. Sizoni yonse Arraez anangomenyedwa strikeout (kutulutsidwa utaphonya mipira itatu) ka 29, zimene ena amakwanitsa m'masabata atatu. Pa nthawi ya Tony Gwynn, amene dzina lake lili pa mphoto imeneyi, munthu wotere akanakhala mfumu.

Ndiye bwanji matimu awiri anamugulitsa ali ndi mphoto m'manja? Bamboyo ndikamufunsa zimenezi makina ometera amayamba kuyenda mwamphamvu m'khosi mwanga. Yankho lili pa manambala amene iye sawakonda. Arraez anamenya ma home run 4 okha chaka chatha, ma walk 24 okha (kupita pa base mwaulere woponya akaponya kunja kanayi), ndipo sathamanga kwambiri kapena kugwira mpira mochititsa chidwi. Ndi avareji yake ya .314 ija, ankafika pa base maulendo osakwana 35 pa 100. Soto, amene avareji yake inali .288, ankafika maulendo pafupifupi 42 pa 100, chifukwa woponya akaponya kunja iye amangoyang'ana, kugwedeza mutu, kuchita kavinidwe kake kaja kokanda dothi ndi mapazi, mpaka mipira inayi ikwane ayende yekha. Ma walk 129, kuwonjezera ma home run 41. Anthu amene amalemba macheke m'maofesi a matimu anasiya kalekale kuyang'ana avareji. Arraez chaka chino alandira madola 14 miliyoni, ndipo mu 2024 ngakhale Silver Slugger sanaione. Ine mtima wanga uli ndi bambo wometayo, chifukwa kuonera Arraez akukankhira mpira pakati pa anthu awiri n'kosangalatsa kuposa kuonera munthu akukana kumenya. Koma ndikanakhala ndi timu ndikanagula Soto.

Theka lina la yankho, lalikulu kwambiri, ndi zaka zobadwa. Apa ndiye pamene inu a Yankees mukukana kuyang'ana.

Mukukumbukira lamulo lija: wosewera akalowa mu ligi yaikulu, timu yake imamusunga zaka zisanu ndi chimodzi asanaloledwe kudzigulitsa kwa amene akumufuna. Zaka zitatu zoyambirira amalandira pafupifupi malipiro otsikitsitsa, amene chaka chino ndi madola 760,000. Zitatu zotsatira amakambirana ndi timu, akalephera kumvana nkhani imapita kwa oweruza apadera, koma ngakhale pamenepo salandira mtengo wa pamsika. Judge mu 2017 anamenya ma home run 52 akulandira ndalama zosakwana madola 600,000. Tsono wotchi imeneyi imayamba tsiku limene walowa mu ligi. Judge anadutsa kaye ku yunivesite ya Fresno State, analowa mu ligi mu August 2016 ali ndi zaka 24, ndipo anafika pamsika mu 2022 ali ndi zaka 30. Anafika atangomenya ma home run 62, mbiri ya American League, koma zaka 30 ndi zaka 30. Anamupatsa zaka 9. Soto analowa mu May 2018 ali ndi zaka 19, anatenga World Series ndi Washington ali ndi 21, ndipo wafika pamsika atangokwanitsa 26. Steve Cohen, mwini wa Mets, sanalipire zimene Soto anachita mu 2024. Walipira zaka za 26, 27, 28, 29 ndi 30, zimene womenya amakhala pachimake, zimene nthawi zambiri sizipezeka pamsika konse chifukwa timu yoyamba imakhala itazidya kale motchipa. Judge zaka zimenezo anazipereka kwa Yankees pa mtengo wa lamulo. Ngati pali amene anaberedwa ndi Judge, ndipo amene anamubera si Soto ayi.

Kuti muone kuti sindikungoyankhula, tengani Pete Alonso wathu. Munthu wa ma home run 226 mu yunifolomu ya Mets, wotsala ndi ochepa kuti apitirire 252 a Darryl Strawberry, mbiri ya timu yathu, amene mu October anatipulumutsa ku Milwaukee ndi home run ya inning yachisanu ndi chinayi. Ejenti wake ndi yemweyo wa Soto, Scott Boras. Anakhala pamsika November yense, December yense, January yense, foni osalira mmene ankayembekezera. Zaka 30, amasewera base yoyamba, avareji inatsikira pa .240. Wabwerera kwathu mwezi uno pa zaka ziwiri ndi madola 54 miliyoni, ndi mwayi wochokanso chaka chikatha. Pa wailesi ya WFAN anthu anaimba mpaka kusasa mawu, ena akuti Cohen alibe ulemu kwa mwana wa pakhomo, ena akuti asamupatse ngakhale chaka chachitatu. Anthony Santander anamenya ma home run 44 ndi kutenga Silver Slugger limodzi ndi Judge ndi Soto, mphoto yofanana ndendende, koma Toronto inamupatsa madola 92.5 miliyoni pa zaka zisanu. Nayenso zaka 30.

Matimu anaphunzira ndi misozi. Albert Pujols anapita ku Angels mu December 2011 ali ndi ma MVP atatu ndi zaka 31, pa zaka 10 ndi madola 240 miliyoni. Kumeneko anasankhidwa kupita ku All-Star, sewero la akatswiri osankhidwa a chaka, kamodzi kokha, ndipo mu May 2021 anamumasula kontrakiti isanathe. Timu yomweyo, ngati kuti siinamve kuwawa, inapereka madola 245 miliyoni kwa Anthony Rendon mu 2019, ndipo munthuyo sanasewerepo masewero 60 m'sizoni imodzi chifikireni. Mwezi uno alengezanso kuti akupita ku opaleshoni ya chiuno. Baltimore inali ndi Chris Davis wake, madola 161 miliyoni, amene anaima maulendo 54 otsatizana osamenya mpira wofikitsa pa base. Onsewa analipidwa chifukwa cha mphoto za pa shelefu.

Musaganize kuti ndikuti kontrakiti ya Soto ilibe mchira wowola. Ikutha mu 2039, iye ali ndi zaka 40. Ngakhale lero lino sathamanga bwino, ndipo kumunda akagwira mpira timapuma mozama. Zaka zinayi kapena zisanu zomalizazo tidzalipira madola oposa 45 miliyoni pa chaka kwa munthu wongokhala pa benchi kudikira kumenya. Chimene chikundikhazika mtima pansi n'chakuti miyendo imakalamba msanga kuposa maso, ndipo chuma cha Soto chili m'maso. Komanso ndalamazo si zanga.

Tsopano zachikondi zija. Munati anakusiyani chifukwa cha madola 5 miliyoni okha, poti inu munamupatsa 760 ife 765. Koma yanuyo inali ya zaka 16, yathu ndi ya 15. Yathu ili ndi madola 75 miliyoni ongosainira, ilibe ndalama zochedwetsedwa, ndipo ikatha sizoni ya 2029 akhoza kutuluka pokhapokha Mets itawonjezera madola 4 miliyoni pa chaka chilichonse chotsala, zimene zingafikitse zonse pa 805 miliyoni. Kusiyana kwake si kwa 5 ayi. Komanso chikondi chimenecho chinayamba liti? Anakhala kwanu chaka chimodzi. Simunamulere, munamugula kwa San Diego mu December 2023, ndipo San Diego inamugula kwa Washington mu 2022 atakana madola 440 miliyoni. Nthawi imeneyo ambiri ankati mnyamatayu wapenga. Kawiri konse anamunyamula kumupititsa mzinda wina osamufunsa, palibe anatchula chikondi. Ulendo woyamba wakuti asankhe yekha, ndiye wakhala wadyera? Anakupatsani home run ya inning yakhumi ku Cleveland imene inakufikitsani ku World Series koyamba kuyambira 2009. Ngongole anabweza.

Ndipo kunena zoona simunakhale manja lende. Max Fried pa madola 218 miliyoni, Cody Bellinger, Paul Goldschmidt, ndi Devin Williams, yemwe uja Alonso anamumenya home run ku Milwaukee. Amene munapereka posinthana naye ndi Nestor Cortes, yemwe uja Freddie Freeman wa Dodgers anamumenya grand slam (home run ya zigoli zinayi) mu sewero loyamba la World Series. Matimu awiri kusinthana mabala. Mwina simunamve kuti Lachisanu lapitali mwini wa Yankees, Hal Steinbrenner, wachotsa lamulo la bambo ake loletsa ndevu, limene lakhalapo kuyambira m'ma 1970. Mdala wina wa Yankees kuntchito kwathu izi zamupweteka kuposa kuchoka kwa Soto.

Pamene ine ndi mdalayo timagwirizana ndi pa Dodgers pokha. Mukudziwa kuti pa madola 700 miliyoni a Ohtani, amene akulandira panopa ndi 2 miliyoni pa chaka, ndipo 680 miliyoni adzalandira kuyambira 2034 mpaka 2043. Popeza dola ya mu 2040 siifanana ndi ya lero, ligi ikamawerengera msonkho wa matimu owononga kwambiri imaiona kontrakitiyo ngati ya madola pafupifupi 46 miliyoni pa chaka, osati 70. N'chifukwa chake ya Soto ndi yaikulu kuposa ya Ohtani ndi ndalama zambiri kuposa mmene manambala awiriwa akuonekera. Dodgers yabwereza njira imeneyi kwa Blake Snell ndi ena, moti ndalama zimene ikulonjeza kudzalipira m'tsogolo zapitirira madola 1 biliyoni. Anthu akufuula kuti ndi chinyengo, kuti pakhale malire a malipiro ngati ku NFL, ligi ya American football. Lamulo likuloleza, ndipo msonkho akulipira: wa 2024 Dodgers inapereka madola oposa 100 miliyoni, ife titsatira pafupi pomwepo. Ife a Mets sitingatsegule pakamwa pa nkhani yochedwetsa malipiro. Pa 1 July chaka chilichonse timatumiza cheke cha madola 1.19 miliyoni kwa Bobby Bonilla, amene anatisewerera komaliza mu 1999, ndipo tizituma mpaka 2035. Mgwirizano wa eni matimu ndi bungwe la osewera ukutha pa 1 December 2026. Eni matimu akadzabweretsa nkhani ya malire, kumbukirani kuti ulendo wina anaiyesa mu 1994 osewera ananyanyala ndipo World Series sinachitike. Ine ndikamva mwini timu wa mabiliyoni akudandaula kuti sangakwanitse, ndimayang'ana mtengo wa tiketi ndi wa soseji ya ku sitediyamu, chisoni n'kundithera.

Chimene chinawawitsa anthu mitu kwambiri si ndalama zimene Dodgers inawononga koma zimene sinawononge. Roki Sasaki, mnyamata wa Chiba Lotte Marines ya ku Japan amene mu April 2022 anaponya sewero lonse popanda ndi mmodzi yemwe kufika pa base, ma strikeout 19, wapita ku Los Angeles mu January pa madola 6.5 miliyoni okha. Chifukwa chake ndi zaka zomwezo, koma mozondoka. Wochokera kunja amene sanakwanitse zaka 25 amawerengedwa ngati mwana wongoyamba kumene, ndipo ndalama zimene timu ingamupatse zili ndi malire. Sasaki ali ndi 23. Yoshinobu Yamamoto anadikira mpaka 25 ndipo timu yomweyo inamupatsa madola 325 miliyoni. Matimu ambiri akanatha kupeza 6.5 miliyoni, ngakhale osauka, ndipo anapita kukamugwadira. Iye anasankha kumene kuli Ohtani ndi Yamamoto. Pamenepo malire a malipiro akanathandiza chiyani?

Mindandanda ya ana olonjeza imene yatuluka mu January yamuika Sasaki pa nambala 1, Roman Anthony wa Boston pa nambala 2. Ino ndiyo nyengo imene aliyense amasanduka katswiri wa anyamata amene sanawaonepo akusewera. Munthu waonera kavidiyo ka masekondi 20 pa foni, akukuuza motsimikiza kuti uyu ndi Ken Griffey watsopano. Chaka chatha nthawi ngati ino nambala 1 anali Jackson Holliday wa Baltimore, mwana wa Matt Holliday, wosankhidwa woyamba mu 2022. Atamukweza mu April anamenya kawiri pa maulendo 34, anamubweza kumunsi, ndipo anamaliza chaka ndi .189. A Jackson ena awiri amene anali pambuyo pake pa mndandanda ndi amene anawala: Merrill wa San Diego, .292 ndi Silver Slugger chaka choyamba, ndi Chourio wa Milwaukee, ma home run 21 ndi ma base oba 22 ali ndi zaka 20. Sindikuti Holliday watha, mwana wa zaka 21 sangathe. Ndikungoti mndandanda si sikoabodi.

Wanu ndi Jasson Domínguez, amene munamupatsa madola 5.1 miliyoni mu 2019 ali ndi zaka 16 n'kumutcha wa ku Mars. Mpira woyamba umene anauzunguzira ndodo mu ligi yaikulu, kwa Justin Verlander, unatuluka kunja kwa mpanda, ndipo mukukumbukira mmene munandiimbira foni usiku umenewo. Patangotha masewero 8 chigongono chinaduka. September wathayu anamuika kumunda wakumanzere, mipira ya m'mwamba inkamuzunguza mutu, mpaka playoffs anaionera pa benchi. Chaka chino malo ndi ake. Ngati mukufuna chinthu chodera nkhawa, siyani Soto, yang'anani kumanzereko.

Ifenso tili ndi zipsera zathu, za mbali zonse ziwiri. Mu December 2018 tinapereka Jarred Kelenic kuti tipeze Robinson Canó ndi Edwin Díaz, ndipo anthu analira maliro zaka zitatu kuti tataya tsogolo. Kelenic sanakhale chimene ankanena, Díaz akadali nafe ndi malipenga ake. Koma mu 2021 tinapereka Pete Crow-Armstrong kuti tibwereke Javier Báez miyezi iwiri, ndipo lero mnyamatayo akuthamanga pakati pa munda wa Cubs ngati mphepo. Ndiye Boston itapereka anyamata anayi kwa White Sox kuti itenge woponya Garrett Crochet, kuphatikizapo Kyle Teel ndi Braden Montgomery, ine sindinalowe nawo mkangano wa amene wapindula. White Sox inagonja masewero 121 chaka chatha, inalibe chochitira ndi woponya wabwino. Yankho tidzalimva cha m'ma 2029.

Chimene ndimalowa nacho mkangano ndi makontrakiti amene matimu akupereka kwa ana asanakhwime, chifukwa ndi njira yotsekera kuti Soto wina asadzaonekenso. Milwaukee inamupatsa Chourio madola 82 miliyoni a zaka 8 asanaponde n'komwe mu ligi yaikulu. Atlanta mu 2019 inamanga Ronald Acuña Jr. zaka 8 pa madola 100 miliyoni, ndipo mu 2023 anamenya ma home run 41, kuba ma base 73 ndi kutenga MVP. Ozzie Albies ndiye zomvetsa chisoni, zaka 7 pa madola 35 miliyoni. Inu amene munakulira kumudzi mukudziwa zimene zimachitika mu February ngati uno, vendala akafika pakhomo pamene ufa watha n'kugula chimanga chidakali m'munda. Mwini munda si wopusa, njala ndi yeniyeni, ndipo mvula ikhoza kudula mawa. Mnyamata wa ku Venezuela kapena ku Curaçao wa zaka 21, abale onse akuyang'ana iye, bondo likhoza kuduka sabata yamawa, mungamuuze kuti akane madola 35 miliyoni? Ndipo nthawi zina mvula imadulapodi: Philadelphia inapatsa Scott Kingery madola 24 miliyoni mu 2018 asanasewere, ndipo anapindula ndi Kingery. Koma timu ili ndi minda yambiri, ikaluza pa umodzi imapeza pa inayo, pomwe mnyamatayo munda ndi umodzi womwewo. Witt uja nayenso anasaina kale zaka 11 pa madola 288 miliyoni ndi kanthu. Ndi ndalama zoti zidzukulu zidzadye, koma akanafika pamsika ali ndi zaka 27, pambuyo pa zimene Soto walandira, tangoganizani.

Soto anakana 440 n'kudikira zaka ziwiri ndi theka, tsiku lililonse akudziwa kuti mpira umodzi wa pa dzanja ukhoza kufafaniza zonse. N'chifukwa chake mawu oti wadyera sindikuwalandira. Amene akumuyang'anitsitsa tsopano ndi Vladimir Guerrero Jr., wa zaka 25, amene anamenya .323 chaka chatha. Anaipatsa Toronto mpaka sabata yathayi kuti amvane, sanamvane, ndipo sizoni ikatha akhoza kukhala pamsika. Kyle Tucker, amene Houston yamugulitsa ku Cubs, nayenso watsala ndi chaka chimodzi. Ku babashopu ayamba kale kuwagawa: Guerrero ku Mets, Tucker ku Yankees. Sizoni ya 2025 sinayambe, anthu ali kale mu December.

Nkhani za ku Florida ndi izi. Soto atafika ku Port St. Lucie, kumene Mets imakonzekerera sizoni, anapeza nambala 22 ili ndi Brett Baty, nayenso mwana wolonjeza wa dzana amene akuvutika kukhazikika. Baty anaipereka, ndipo Soto wamugulira galimoto yatsopano ya Chevrolet Tahoe. Dzulo, ulendo wake woyamba kuima ndi ndodo mu yunifolomu yathu, pa sewero lokonzekera ndi Houston, anautumiza mpira kunja kwa mpanda. Ndikudziwa kuti za mu February siziwerengedwa. Vidiyo ndakutumizirani kale.

Konzekerani pa 18 ndi 19 March. Dodgers ndi Cubs akutsegulira sizoni ku Tokyo, ndipo kwa nthawi yoyamba wotchi ikukomerani inu: kumeneko idzakhala itangokwana 12 koloko masana, pomwe ine ndidzadzuka 6 koloko m'mawa. Inu mukuyamba pa 27 March ndi Milwaukee ku Bronx, ife tsiku lomwelo ku Houston. Pa 16 May Soto akubwera ku Yankee Stadium atavala zathu. Ndikufuna kupezako tiketi ngati mtengo ungalole, ndipo chipewa cha Mets ndidzachibisa m'thumba mpaka nditakwera sitima yobwerera. Inu idzakhala 1 koloko usiku, ndiye muwachenjezeretu alamu, ndipo mugule mayunitsi ndi bandulo yokwanira, sindidzafuna kumva zoti netiweki inavuta.

Ndikudziwa kuti muyankha ndi nkhani ya 1986, chaka chimene Mets inatenga chikho komaliza, ndi zikho zanu 27. Yankhani ndithu, koma molemba.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mtsikana wamkuluyo mumuuze kuti chipewa chimene anapempha ndagula, ndipo ndi chabuluu ndi olenji. Mukapita ku Zomba mukawaone mayi.

Ndine mnzanu wa ku Queens.